Bridge yatha miyezi iwiri, dzino likundigonetsa chikhalire

Funso:

Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka ndipo ndimagulitsa zitenje ku Kamwala. Dzino langa lotafunira lam'munsi kumanzere linazulidwa zaka zitatu zapitazo. Mu June ndinakayikitsa bridge, dzino loyikira logwirira pa mano oyandikana nalo, pa kiliniki ina yolipira. Masabata oyamba madzi ozizira ndi amene ankandilasa, koma pano zasintha. Tiyi wotentha ndiye mdani, ndipo usiku ululu umandidzutsa wokha ndisanadye kanthu. Ndimagona ndi botolo la madzi ozizira pambali, ndikavumata m'pamene ndimapumako. Ndinabwererako kamodzi, anangoti ndidekhe zizolowera. Ndamwa amoxicillin kawiri wogula ndekha, palibe chasintha. Bambo a kunyumba akuti ndikangoichotsa n'kuzulitsa dzinolo. Ndalama zanga zipite choncho?

Yankho:

Pepani mayi. Dzino limaliritsa munthu wamkulu misozi pamaso pa ana ake, ndiye musadzione ngati ndinu wopepera. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva msanga. Ululu umene mwafotokozawu si wozolowera ayi, ndipo kudikira sikuuthetsa. Koma musathamangirenso kozulitsa, chifukwa nthawi zambiri dzino lotere limapulumuka, bridge n'kukhala pomwe ili.

Pokonza bridge timabwereka mano awiri, lakutsogolo kwa mpata ndi lakumbuyo kwake. Timawapala mbali zonse ndi pamwamba, milimita imodzi mpaka mamilimita awiri, kuti tiwaveke tizipewa tolimba timene timagwira dzino loyikira lija pakati. Chimene timachotsacho ndi chikamba cholimba chakunja, chimene timati enamel. Pansi pake dzino lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera mpaka kumtsempha. N'chifukwa chake dzino lopalidwa kumene limamva chilichonse. Madzi a mufiriji, ngakhale mphepo ya m'mawa wa June mukudikira minibasi, dzino limangoti lasu, kenako zii. Zimenezo zimachitika kwa masiku angapo, mwina masabata awiri kapena atatu, ndipo zimanka zichepa. Mukanakhala kuti muli pamenepo, nanenso ndikanati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma wanuwu wasintha nkhope. Mwatchula zinthu zitatu: chotentha, kudzuka usiku, ndi botolo lija. Zitatu zonsezo zikuloza mtsempha wa m'dzino limodzi mwa awiri amene anyamula bridge.

M'kati mwa dzino muli kachipinda kakang'ono momwe mumakhala mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu. Chala chikatupa chimapeza kotupira, khungu limatamuka. Makoma a kachipinda kameneka satamuka. Mtsempha ukatupa umadzifinya wokha, monga chala chotupa chili ndi mphete yosavuka. Poyamba kutupako kumakhala kochepa ndipo kumatha kubwerera. Chizindikiro chake ndi ululu wa chozizira umene umatha chozizira chikangochoka. Zikapitirira, ululu umatsala m'dzino kwa masekondi 30 kapena kupitirira mutameza kale, umayamba wokha, umagunda ngati mtima. Mukagona magazi amachuluka kumutu, kufinyana kuja kumawonjezeka, n'kumadzuka 2 koloko usiku. Chotentha chimakolezera, chozizira chimaziziritsa kwa kanthawi. Mtsempha ukafika pofuna botolo la madzi subwereranso mwakale, ngakhale mutadikira mpaka mvula itagwa.

Pali china m'kalata yanu chimene mwina simunachiwerengere, zaka zitatu zija mpata unakhala pululu. Dzino mnzake akachoka, lakumbuyo limayamba kuweramira mumpatamo pang'onopang'ono. Bridge ndi chinthu chimodzi, imalowa pa mano onse awiri nthawi imodzi, choncho awiriwo amayenera kuima molunjikana. Kuti lopendekeralo ligwirizane ndi mnzake, dokotala amalipala kwambiri mbali imene laweramira, ndipo mbali yomweyo ndi imene nsonga ya mtsempha ili pafupi. Onjezani kutentha kwa makina opalira. Onjezaninso kuti mwina dzinolo linamatidwapo kale, mtsempha wake unali wotopa musanakhale n'komwe pampando. Sikuti nthawi zonse dokotala walakwitsa. Ineyo zinandichitikirapo pa ntchito imene ndinaigwira mosamala, ndipo aliyense wayika ma bridge kwa zaka zambiri akakuuzani kuti sizinamuchitikirepo, mungomuyang'ana. Pamene ndikudandaula ine ndi pa kukubwezani ndi mawu okha dzino osaliyeza.

Ndikuchenjezeni za msampha umene uli kutsogolo. Mukapitiriza kupirira, tsiku lina mudzadzuka ululu uli zii, tiyi mudzamwa bwinobwino. Musadzaphe nkhuku yachikondwerero. Kawirikawiri kumeneko ndi kufa kwa mtsempha. Chakufacho chimawolera momwemo, tizilombo timatsika ndi muzu mpaka kufupa la nsagwada. Pakapita masabata kapena miyezi dzino limayamba kumveka ngati latalika, kuligunda pang'ono mumalumpha, pankhama pamatuluka kachiphuphu ka mafinya, mwinanso tsaya lonse n'kutupa. Ndimalandira anthu ambiri pa siteji imeneyi akunena kuti "linapola lokha mwezi watha."

Chithandizo cha mtsempha wotere ndi chimene timati root canal. Nkhani yabwino kuthumba lanu ndi yoti nthawi zambiri bridge sitiichotsa. Timabaya jakisoni wa dzanzi, n'kubowola kabowo pamwamba pa kachipewa ka dzino lodwalalo, ngati kulowa m'nyumba podzera padenga khoma osaligumula. Timachotsa mtsemphawo, kutsuka tinjira ta m'mizu ndi tizitsulo towonda ngati singano ndiponso mankhwala, kutitseka, kenako kumata kabowo kaja. Dzino lalikulu lam'munsi lakumbuyo limakhala ndi mizu iwiri, tinjira titatu kapena tinayi, pomwe laling'ono lakutsogolo kwa mpata wanu kawirikawiri limakhala ndi muzu umodzi. Ntchitoyi imatenga ulendo umodzi kapena iwiri, nthawi zina itatu, koma ululu wa usiku uja umachepa pa ulendo woyamba womwewo mtsempha ukangochotsedwa. Dzino lam'munsi lotupa mtsempha limavuta kugwira dzanzi, ndiye mukamva kuwawa kwezani dzanja awonjezere jakisoni. Kulimba mtima pampando wa dokotala wa mano palibe amene amapatsidwa nako mphoto.

Ndisakubisireni kuipa kwake. Chonyezimira choyera chapamwamba pa bridge chimatha kutheteka pang'ono pobowola, ndipo bridge ina imatha kukhwefuka. Komanso zikapezeka kuti m'mphepete mwake simunakhale bwino kuchokera pachiyambi, kapena pansi pawola, ndiye kuti iyenera kudulidwa n'kupangidwa yatsopano. Koma zimenezo zimaoneka poyeza, osati poganizira muli pakhomo.

Tsono ine ndikuyankha kalata, m'kamwa mwanu sindinayang'anemo. Pali zina zimene zimawawitsa bridge, ndipo zimatha kubwera ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba kuifufuza, chifukwa ndi yofala komanso yosavuta kukonza, ndi kutalika kwa bridge. Mano amazindikira kamchenga kamodzi mu mpunga. Muzu wa dzino suli womatirira kufupa, umalendewera pa timinyewa tating'ono timene timamva kulemera kulikonse. Bridge ikatalika ngakhale ndi muyezo wa tsitsi limodzi, imayamba ndi iyo kugunda nthawi zonse mukatseka pakamwa, potafuna, pomeza malovu, usana ndi usiku. Timinyewa tija timatupa. Tsiku loyika bridge anakufunsani kuti "mukumva bwanji?" mlomo uli dzanzi, inu n'kuti zili bwino, chifukwa simukanamva kanthu. Yesani panopa. Tsekani mano pang'onopang'ono. Ngati kumanzereko kukufika koyamba kumanja kusanakhudzane, kauzeni dokotala. Amakulumitsani kapepala kopyapyala ka buluu kapena kofiira kamene kamasiya chizindikiro pamalo otalikapo, n'kupalapo pang'ono. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ululu wa mtundu umenewu umazirala m'masiku ochepa. Kwa inu sindikukhulupirira kuti ndi zokhazo, pakuti kutalika kwa bridge kumawawa poluma, sikudana ndi tiyi. Komabe dzino logundidwa tsiku ndi tsiku mtsempha wake umavutikanso, ndiye ayeze ndithu.

Zina ndingozitchula mwachidule kuti muzidzifunsa. Bridge imatha kumasuka mbali imodzi mbali ina ili chigwirire. Malovu ndi zakudya zimalowa pansi, mumamva fungo kapena kukoma koipa, ndipo mukaikanikiza pamatuluka timathovu m'mphepete. Simenti yomatira ikatsalira pansi pa nkhama, nkhamazo zimafiira, zimatuluka magazi potsuka, ululu wake ndi wapansipansi wosadzutsa munthu. Chimodzimodzi ulusi wa nyama kapena wa mango ukamakodwa pansi pa dzino loyikira lija. Dzino losweka mng'alu limalasa mukamasiya kuluma osati poluma, makamaka pa chimanga chowotcha kapena nshawa zokazinga. Ena amakukuta mano m'tulo osadziwa, amadzuka nsagwada zili zolemera. Pamenepo bambo a kunyumba ndi amene angatiuze zoona, afunseni.

Ndipo mwina wolakwa si mano a bridge n'komwe. Ululu wa mtsempha wa dzino ndi wabodza polozera. Lam'mwamba limatha kumveka m'munsi, lam'munsi limathawira kukhutu. Chokha n'choti sudumpha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kumbuyo kwa bridge yanu kungakhalenso dzino lomalizira lija limene limamera munthu atakula, ndipo limakonda kuwola mobisala.

N'chifukwa chake kuyeza kwabwino kumayenda dzino ndi dzino. Mukakhala pampando yembekezerani izi. Dokotala atenge kathonje kozizira kwambiri, ayambe kakhudzitse pa dzino labwinobwino lakumanja kuti mudziwe mmene labwino limamvekera, kenako pa mano awiri a bridge lililonse palokha, ndi oyandikana nawo, m'mwamba momwe. Inu mukweze dzanja mukamva, mulitsitse ululu ukatha, iye akuwerenga masekondi. Agogode dzino lililonse ndi chigwiriro cha kagalasi kake, go go go. Ayendetse kachitsulo m'mphepete mwa bridge ndi pansi pa nkhama. Akulumitseni kapepala kaja. Pomaliza ajambule X-ray yaing'ono yoonetsa mizu mpaka kunsonga. Pa X-ray pali chinthu chimene odwala ambiri sachidziwa: siiona kudutsa chitsulo cha bridge, ndipo mtsempha wotupa suoneka pachithunzi. Chimaoneka ndi fupa likayamba kudyeka kunsonga kwa muzu, zimene zimabwera mochedwa. Wina akakuuzani kuti "X-ray ili bwino, palibe vuto" koma kathonje kozizira sanakagwiritse ntchito, kuyezako sikunathe.

Zikachitika kuti zonsezi zayezedwa ndipo palibe dzino lapezeka, musalole kubowoledwa kapena kuzulidwa mongoyerekeza. Ulipo ululu wochokera ku mitsempha ya nkhope kapena ku mfundo ya nsagwada umene umanamizira dzino. Ndinalandirapo bambo wina atazulitsa mano awiri otsatizana kwina, ululu uli pomwepo, akuloza mpata wopanda dzino. Otere amafunika madokotala a nsagwada ndi nkhope ku chipatala chachikulu, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Za amoxicillin, siyani. Mankhwala amenewa amapha tizilombo kumene magazi amafika bwino, pomwe ululu wanu ukuchokera ku kufinyana m'kachipinda kotsekeka. Mutha kumwa mapaketi asanu, mphete ija ikhalabe pachala. Flagyl amene anzanu a pamsika angakuuzeni kuti muphatikize, nayenso chimodzimodzi. Choipa china n'choti kumwa mankhwalawa mwachisawawa kumaphunzitsa tizilombo kuwapirira, tsiku limene mudzawafunedi n'kupeza sakugwira. Ali ndi nthawi yake, pamene kutupa kwayamba kufalikira kapena thupi latentha, ndipo ngakhale pamenepo amayenda limodzi ndi kutsegula dzino. Mukapita, muuzeni dokotala kuti mwamwa kawiri, musabise.

Zokuthandizani masiku ochepa mukudikira ndi izi. Ibuprofen wa 400 mg, maola 8 aliwonse, mutadya. Mutha kuphatikiza ndi paracetamol, amene ambiri timangoti Panadol, 1,000 mg pa nthawi imodzi, osapitirira kanayi pa tsiku, ndiye kuti 4,000 mg. Awiriwa pamodzi amagwira bwino ululu wa dzino kuposa aliyense payekha. Ibuprofen musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, muli oyembekezera, mumamwa mankhwala osungunula magazi, kapena mphumu yanu imadzuka ndi mankhwala a mtundu umenewu. Musamuphatikize ndi diclofenac, ndi apachibale. Onetsetsaninso mankhwala a chimfine, ambiri muli paracetamol kale. Gonani mutu uli pamwamba, mapilo awiri. Tafunirani kumanja. Kuchukucha ndi madzi a mchere, theka la supuni yaing'ono mu kapu, kumathandiza nkhama, koma inuyo madziwo asakhale otentha. Aspirin musayike pankhama, amawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera. Za mafuta a mabuleki, asidi wa batire ndi palafini zimene anthu amalangizana m'makomboni, ndaona m'kamwa mwa anthu amene anayesa, ndipo sindikufuna ndidzaone mwanu.

Pansi pa dzino loyikiralo pamafuna kutsukidwa tsiku lililonse, ndipo mswachi sufikapo. M'mafamase mumapezeka ulusi wa mano wokhala ndi nsonga yolimba yolowetsera pansi pa bridge, komanso timiswachi ting'onoting'ono ta pakati pa mano. Ngati sanakuonetseni kachitidwe kake tsiku loyika lija, akakuonetseni pagalasi. Koma kutsukako sikuchiza ululu umene muli nawo panowu.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche. Tsaya kapena pansi pa chibwano pakatupa, thupi likatentha, pakamwa pakamakana kutseguka, kumeza malovu kukamavuta, mawu akasintha, kapena kupuma kukamabanika, nyamukani usiku womwewo kupita ku chipatala chachikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa. Mafinya a dzino lam'munsi amatha kutsikira pansi pa lilime ndi m'khosi n'kutseka njira ya mpweya, ndipo anthu amafa nazo. Ngati muli ndi matenda a shuga, zimathamanga kwambiri.

Koyambira ndi komwe munayikitsa kuja, sabata ino. Iwo ndi amene akudziwa mmene mano anu analili asanawaveke, ali ndi zithunzi zakale, ndipo madokotala ambiri amafuna kukonza ntchito yawo. Koma ulendo uno musakangonena kuti "likuwawabe." Mawu amenewo amabwezedwa ndi "dekhani." Kanenani kuti: "Limawawa ndi chotentha, ululu umatsala nthawi yaitali, limandidzutsa usiku, madzi ozizira ndi amene amaziziritsa. Ndikupempha muyeze mtsempha wa dzino lililonse ndi kalumidwe kanga." Funsaninso poyera za ndalama asanayambe, kuti root canal ndi zingati ndipo ngati bridge ikufunika kupangidwanso alipira ndani. Akakubwezaninso osayeza, pemphani zithunzi zanu za X-ray mukamve kwa wina. Kutero si mwano. M'zipatala za boma mumayambira ku chipatala cha dera lanu, monga cha ku Chilenje komwe mukukhalako, iwo n'kukutumizani ku chachikulu ngati pakufunika. Ngati muli pa NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo ya boma, funsani kaye pawindo zimene ikulipira pa mano musanakhale pampando. Kulikonse kumene mungapite, dziwani kuti si aliyense wovala choyera m'chipinda cha mano amene amagwira ntchito yofanana. Ma dental therapist amazula, amamata, amatsuka, ndipo amathandiza anthu ochuluka kwambiri m'dziko muno, koma root canal ya dzino lakumbuyo lovekedwa bridge ndi ya dokotala wa mano, dental surgeon. Onse amayenera kukhala olembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo kufunsa chiphaso ndi ufulu wanu.

Bambo a kunyumba muwauze kuti ndawamva. Munthu woona mkazi wake atakhala tsonga pabedi usiku uliwonse amafuna chinthucho chingochoka basi. Koma awerengere bwino. Dzino limodzi la awiriwo likazulidwa, bridge yonse yatha, ndalama zonse zija zapita, ndipo mpata umene unali wa dzino limodzi wasanduka wa mano awiri. Kuutseka kudzafuna bridge yaitali yopala dzino linanso labwino, kapena mano ovula usiku, kapena obzala m'fupa amene mtengo wake ndi wokwera kuposa zonsezi. Likakhala kuti lozulidwalo ndi lakumbuyo ndipo kuseri kwake kulibe lina lolimba, bridge imasowa ndi poima pomwe. Kuzula kuli ndi malo ake, muzu ukasweka kapena dzino likawola mpaka pansi pa fupa, koma amene anganene zimenezo ndi amene wayang'ana.

M'mawa wa tsiku lopita, ngati mungapirire, musamwe mankhwala opha ululu. Amabisa dzino lolakwa, kathonje kozizira kaja n'kunama. Masiku awiri atatu otsalawa muzilemba pakapepala nthawi imene ululu wayamba, chimene chauyambitsa, ndi mphindi zimene wakhala. Botolo lanu lija mulitenge, musalisiye mu minibasi chifukwa cha manyazi. Ife tikaona munthu akulowa pakhomo atagwira botolo la madzi ozizira, akuvumata asanayankhe ndi moni womwe, timadziwa kale kuti nkhani ndi ya mtsempha. Chimatsala n'kupeza kuti ndi dzino liti.